Zilembo Zitatu za pa Thumba la Fataleza ndi Mbale ya Wodwala Impso

Mlimi aliyense amene ananyamulapo thumba la fataleza wa D Compound amazidziwa nambala zitatu zolembedwa pamenepo: 10-20-10. Nambalazi zimaimira N, P ndi K, kutanthauza naitirojeni, fosifolasi ndi potaziyamu, zakudya zitatu zazikulu za mbewu. Mlimi amadziwanso kuti fataleza amene amakulitsa chimanga ndi yemweyonso amachiwotcha akachuluka paphando limodzi, makamaka mvula ikadula. Chimene ambiri a ife sitichidziwa n'chakuti zinthu zitatu zomwezi, pamodzi ndi mchere, ndizo zimasautsa munthu amene impso zake zafooka. Zimalowa m'thupi kudzera m'chakudya, ndipo impso ndizo zimatulutsa zotsala. Impso zikalephera, zimene zinali chakudya zimaunjikana m'magazi n'kusanduka chiphe.

Pamenepa pali phunziro limene limativuta kulilandira, makamaka ife amene tinaleredwa m'chiphunzitso cha kadyedwe kabwino. Timadziwa kuti nthochi, mapeyala, nyemba, nsawa, masamba ndi mgaiwa n'zakudya zopatsa thanzi, ndipo zimenezi n'zoona kwa munthu wa impso zamphamvu. Koma mbale yoyenera munthu wathanzi siyiyenera nthawi zonse munthu wodwala impso. Wodwalayu amafunika chakudya cha m'munda mwathu momwemu, koma choyezedwa, chophikidwa mwanzeru, ndiponso chosinthidwa motsatira zimene magazi ake asonyeza kuchipatala. Chakudya sichichiza impso zimene zawonongeka kale. Chimene chimachita ndicho kuchedwetsa kuwonongekako, kuchepetsa kutupa ndi mseru, ndi kumuwonjezera munthu zaka zogwira khasu ali pakhomo pake.

Ngalande za thupi

Impso zilipo ziwiri, kumsana m'munsi mwa nthiti, ndipo iliyonse kukula kwake n'kofanana ndi chibakera cha mwini wake. M'impso imodzi muli tosefera ting'onoting'ono pafupifupi 1 miliyoni. Patsiku limodzi toseferati timasefa madzi a m'magazi okwana malita pafupifupi 180, kuyandikira kudzaza dilamu, koma ochuluka amabwezeredwa m'thupi, ndipo amene amatuluka ngati mkodzo ndi lita imodzi kapena awiri okha. Kuwonjezera pa kusefa, impso zimathandiza kuwongolera kuthamanga kwa magazi, zimatumiza uthenga kumafupa kuti apange magazi atsopano, ndiponso zimakonza vitamini D kuti mafupa akhale olimba.

Amene amalima kudimba adzamva msanga. Dimba lothiriridwa chaka ndi chaka popanda ngalande yotulutsa madzi limayamba kuyera pamwamba, mchere utaunjikana, ndipo mbewu zimafota ngakhale nthaka ili yonyowa. Impso ndizo ngalande za thupi. Zikatsekeka pang'onopang'ono kwa miyezi yoposa itatu, madokotala amati munthu ali ndi matenda okhalitsa a impso. Tosefera timene tafa sitimeranso; madzi akatayika saoleka. Ntchito yonse ya mankhwala ndi chakudya ndiyo kuteteza timene tatsala.

Chakudza sichiimba ng'oma

Padziko lonse, munthu mmodzi mwa anthu pafupifupi khumi alionse ali ndi matendawa, ndipo ochuluka sadziwa. Munthu akhoza kutaya theka la mphamvu ya impso zake akulimabe ndi kudya bwinobwino. Kutupa miyendo ndi nkhope, mkodzo wa thovu, kukodza kawirikawiri usiku, kuyabwa thupi, kutopa kosatha ndi kusafuna chakudya zimaoneka matenda atapita kale patali.

Magwero aakulu ndi awiri: matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Kafukufuku wa STEPS amene Unduna wa Zaumoyo unachita m'Zambia mu 2017 anapeza kuti pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa asanu ali ndi BP yokwera. Kwathu kuno timawonjezerapo kachilombo ka HIV, likodzo losachizidwa, mankhwala ena azitsamba, ndiponso chizolowezi chomeza mapiritsi opha ululu monga ibuprofen ndi diclofenac tsiku lililonse pochokera kumunda.

Kuyeza kwake n'kwa mitundu iwiri. Mkodzo umayezedwa kuti aone ngati mukutuluka mapuloteni, ndipo magazi amayezedwa kuti apeze creatinine. Kuchokera pa creatinine amawerengera nambala yotchedwa eGFR, imene tingaiyerekeze ndi maperesenti a mphamvu yotsala ya impso. Matendawa amawagawa m'magawo asanu. Pagawo loyamba nambalayi imakhala 90 kapena kuposa, koma pali chizindikiro china cha kuwonongeka. Lachiwiri ndi 60 mpaka 89. Lachitatu 30 mpaka 59. Lachinayi 15 mpaka 29. Ndipo ikatsika pansi pa 15, munthu ali pagawo lachisanu, pamene amayandikira kufuna makina osefa magazi.

Makinawa, amene ntchito yake imatchedwa dialysis, amapezeka m'zipatala zazikulu zochepa za m'mizinda, monga UTH ku Lusaka ndi zipatala za ku Ndola, Kitwe ndi Livingstone. Wodwala amayenera kulumikizidwa kumakina katatu pamlungu, maola pafupifupi anayi ulendo uliwonse, moyo wake wonse kapena kufikira atapatsidwa impso ina. Kwa mlimi wa kumudzi, zimenezi zimatanthauza kusiya munda, ng'ombe ndi banja n'kukakhala kwa achibale kutauni. Chaka chilichonse chimene mphika ungachedwetse tsiku limenelo ndi chuma chachikulu.

Mchere ndiwo woyamba

Pa malangizo onse a chakudya, lokhudza mchere ndilo limagwira pagawo lililonse la matendawa, ndipo silifuna kudikira zotsatira za magazi. Mchere umakoka madzi n'kuwasunga m'thupi. Magazi akachuluka m'mitsempha, BP imakwera, tosefera timapanikizika, ndipo mapuloteni amadontha kwambiri mumkodzo. Mchere wochuluka umafooketsanso mphamvu ya mankhwala oteteza impso monga enalapril ndi losartan, kotero kuti munthu amamwa mapiritsi mokhulupirika koma phindu lake n'kulitaya pambale.

Bungwe la World Health Organization limalangiza kuti munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 a mchere patsiku, ndiko kuti kasupuni kamodzi ka tiyi kosefukira ayi, koma kosalaza pamwamba. Kafukufuku wa 2017 uja anapeza kuti m'Zambia timadya magalamu pafupifupi 9.5, kuyandikira kuwirikiza kawiri. Ndipo magalamu 5 amenewa akuwerengera mchere wonse: wothira mumphika, wowaza pambale, ndi wobisika.

Wobisikawu ndiwo woopsa. Uli m'timibulu tokometsera ndiwo, mu supu wa m'mapaketi, mu buledi wa m'sitolo, m'nsomba zouma zothira mchere, m'masoseji ndi poloni, ndi m'zokhwasula za ana. Ife amene sitidya nyama tisadzinyenge kuti tapulumuka: soya pieces wa m'mapaketi nthawi zambiri amabwera wothiridwa kale zokometsera zamchere. Soda wophikira therere ndi chikanda nayenso ali ndi sodiyamu, chinthu chomwecho chimene chimapangitsa mchere kukhala wovulaza.

Njira yake njosavuta. Mayi ayeze m'mawa mchere wa tsiku lonse m'kambale, ndipo ukatha watha. Mchere uchoke pamphasa podyera. Nsomba youma iviikidwe, madzi atayidwe, iviikidwenso. Ndiwo zikometsedwe ndi anyezi wokazinga bwino, adyo, tsabola pang'ono ndi madzi a mandimu. Lilime limadandaula milungu yoyamba, koma limazolowera, ndipo pambuyo pake ndiwo zakale zija zimayamba kumveka zowawa mchere.

Chenjezo limodzi lalikulu: m'masitolo muli mchere wina wogulitsidwa ngati wabwino kwa odwala BP. Mumchere umenewu, gawo la sodiyamu amalilowetsa m'malo ndi potaziyamu. Kwa munthu wa impso zabwino umathandiza, koma kwa wodwala impso ukhoza kuimitsa mtima.

N: mapuloteni, osachuluka, osachepa

Fataleza wobereketsa amene timamutcha yureya, wokhala ndi magawo 46 pa 100 a naitirojeni, ndi chinthu chomwecho chimene thupi limataya mumkodzo. Dzina lakelo linachokera ku mawu otanthauza mkodzo, ndipo munthu woyamba kumupanga popanda kudzera m'thupi la chamoyo anali Friedrich Wöhler wa ku Germany mu 1828. Tikadya zakudya zomanga thupi, thupi limatengapo zimene likufuna, ndipo naitirojeni wotsala chiwindi chimamusandutsa yureya kuti impso zimutaye. Impso zikafooka, yureya ndi zinyalala zinzake zimachuluka m'magazi. M'pamene pamachokera mseru, kulawa ngati chitsulo m'kamwa, ndi kudana ndi fungo la chakudya.

Makina osefa magazi asanafale, kuchepetsa mapuloteni ndiko kunali chida chachikulu cha madokotala. M'zaka za m'ma 1960, madokotala a ku Italy, Carmelo Giordano ndi Sergio Giovannetti, anasonyeza kuti chakudya cha mapuloteni ochepa chimachepetsa masautso a odwala amene impso zawo zinali pafupi kuima. Kafukufuku wamkulu wa ku America wotchedwa MDRD, amene zotsatira zake zinatuluka mu 1994, anapeza kuti phindu lochedwetsa matenda lilipo koma n'lapang'ono. Motero malangizo a masiku ano sakakamiza munthu kudzimana kopitirira. Bungwe la akatswiri a impso lotchedwa KDIGO, m'malangizo ake a 2024, limati wodwala wamkulu wa pagawo lachitatu mpaka lachisanu adye magalamu 0.8 a mapuloteni pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake patsiku, ndipo apewe kupitirira magalamu 1.3. Limalimbikitsanso kuti zakudya zochokera kumbewu zichuluke kuposa zochokera kunyama.

Tiyeni tiwerengere monga timachitira poyeza fataleza pa hekitala. Munthu wolemera makilogalamu 60 amafunika magalamu 48 patsiku. Nsima nayonso ili ndi mapuloteni: ufa wokwana magalamu 250 umapereka pafupifupi magalamu 20. Dzira limodzi limapereka 6. Theka la kapu ya nyemba zophika limapereka 7 kapena 8. Nsinjiro zodzaza dzanja limodzi, magalamu ngati 30, zimapereka chimodzimodzi. Tikawonjezera pang'ono za m'masamba, muyeso wa tsikulo wakwana. Kapenta wouma ndi soya pieces n'zodzaza mapuloteni kwambiri, theka la kulemera kwake kapena kuposa, kotero kuti dzanja limodzi la soya pieces wouma limalowa m'malo mwa dzira ndi nyemba zija pamodzi.

Apa tikuona zinthu ziwiri. Choyamba, banja wamba la kumudzi, lodya nsima ndi masamba, nyemba kawiri kapena katatu pamlungu, silili kutali ndi muyeso umenewu. Kawirikawiri lili pansi pake. Munthu wotere akamva kuti odwala impso amachepetsa mapuloteni n'kusiyiratu nyemba ndi mazira, amadzivulaza. Amene ayenera kuchepetsa ndi wodya nyama mbale yodzaza kawiri patsiku. Chachiwiri, wodwala akayamba dialysis, lamulo limatembenuka: makina amachotsako mapuloteni, ndipo munthu amafunika magalamu 1.0 mpaka 1.2 pa kilogalamu. Ana, amayi oyembekezera ndi okalamba oonda sayenera kuchepetsa mapuloteni popanda dokotala.

K: potaziyamu ndi nkhani ya chidulo

Potaziyamu ndiye amayendetsa kugunda kwa mtima. M'magazi a munthu wathanzi amakhala pakati pa 3.5 ndi 5.0. Akapitirira 5.5 pamafunika kuchitapo kanthu, ndipo akafika 6 kapena kuposa moyo uli pangozi, chifukwa mtima ukhoza kusokonezeka kapena kuima popanda chenjezo. Komabe si wodwala impso aliyense amene potaziyamu wake amakwera. Pamagawo oyambirira, zipatso ndi masamba zimathandiza kutsitsa BP ndi kuchepetsa asidi m'magazi, ndipo kuzisiya n'kulakwitsa. Vuto limabwera makamaka pagawo lachinayi ndi lachisanu, kapena kwa amene akumwa enalapril, losartan kapena spironolactone, mankhwala amene amasunga potaziyamu m'thupi. Mankhwalawa sayenera kusiyidwa popanda dokotala. Chimene chimasintha ndi mbale. Wolamula pano ndi pepala la zotsatira za magazi, osati mphekesera.

Kwa amene wauzidwa kuti potaziyamu wake wakwera, zakudya zoyenera kusamala nazo n'zimene timazikonda. Nthochi imodzi yapakatikati ili ndi mamiligalamu pafupifupi 400. Mapeyala, amene ena timawatcha makotapela, magwafa, malambe, mbatatesi, kandolo, chinangwa, nyemba, nsawa, bondwe ndi matimati ochuluka mumphika, zonsezi n'zodzaza potaziyamu. Ufa wa masamba a moringa ndi mfutso zimamuunjika pamodzi chifukwa madzi anachokamo. Zochepa potaziyamu ndi monga kabichi, anyezi, nkhaka, zitheba, mabilinganya, chinanazi ndi maapozi.

Mwayi wake n'ngwakuti potaziyamu amasungunuka m'madzi, monga momwe mvula yambiri imamukokololera m'nthaka yamchenga. Wophika angagwiritse ntchito khalidwe limeneli. Mbatatesi kapena kandolo asendedwe, adulidwe tizidutswa ting'onoting'ono, awiritsidwe m'madzi ambiri, ndipo madziwo atayidwe. Potero potaziyamu amachepa ndi pafupifupi theka. Chibwabwa, repu, kalembula ndi chigwada zidulidwe, ziwiritsidwe m'madzi ochuluka, zikhetsedwe, kenaka zikazingidwe ndi anyezi ndi saladi pang'ono. Nyemba ziviikidwe usiku wonse, madzi atayidwe, ziphikidwe m'madzi atsopano, ndipo wodwala apatsidwe nyemba zenizenizo, msuzi wochepa. Izi zikusemphana ndi zimene timaphunzitsa masiku onse, zakuti madzi a masamba asatayidwe chifukwa muli mavitamini. Kwa ana ndi ena onse chiphunzitsocho chikadalipo. Kwa wodwala wa potaziyamu wokwera, mumsuzimo ndimo muli ngozi. Kuwotcha kandolo pamoto kapena kumuphika ndi makoko sikuchotsa kanthu.

Tsopano tinene za chidulo. Timathira phulusa m'munda chifukwa lili ndi potashi, ndipo mawu akuti potaziyamu anachokera ku potashi, madzi a phulusa amene Azungu akale ankawaphwetsa mumphika. Chidulo chimene amayi athu amachitcheza kuchokera ku phulusa la zitsononkho, makoko a nyemba kapena a nthochi ndi potaziyamu wosungunuka, wolowa m'magazi mosavuta. Chimafewetsa therere ndi chigwada bwino lomwe, ndipo kwa wathanzi impso zimatulutsa wotsalayo. Wodwala wa pagawo lachinayi kapena lachisanu asachilawe. Ambiri amathawa soda wa m'sitolo n'kuthawira ku chidulo poganiza kuti chachilengedwe sichivulaza, koma pamenepa ndiye athawa mvula n'kugwera mumtsinje. Therere lake liphikidwe popanda zonse ziwiri.

P: fosifolasi ndi mafupa

Fosifolasi savulaza mwadzidzidzi ngati potaziyamu. Amadya munthu mwakachetechete. Akachuluka m'magazi, thupi limakoka kashiamu m'mafupa, mafupa n'kufooka, ndipo kashiamuyo pamodzi ndi fosifolasi zimakakhazikika m'mitsempha ya magazi n'kuiumitsa. Ichi n'chimodzi mwa zifukwa zimene odwala impso ambiri amamwalira ndi matenda a mtima asanafike n'komwe pa makina. Kuyabwa kosalekeza nakonso kawirikawiri kumayendera limodzi ndi fosifolasi wokwera.

Si fosifolasi yense amalowa m'magazi mofanana. Wa m'mbewu monga chimanga, nyemba ndi nsawa amakhala womangika m'njira imene matumbo a munthu samasula bwino, ndipo wolowa m'magazi safika theka. Wa m'nyama, mkaka ndi nsomba amalowa pafupifupi theka kapena kuposerapo. Koma wothiridwa m'mafakitale pofuna kusunga kapena kukometsa zakudya amalowa pafupifupi yense. Ameneyu ali m'zakumwa zakuda za kola, m'masoseji, poloni, tchizi wa m'mapaketi ndi ufa wotupitsira makeke. Powerenga chikalata cha papaketi, mawu alionse okhala ndi zilembo zakuti phos akuchenjezeni.

Motero choyamba kuchoka pambale ndi zakudya za m'fakitale, osati nyemba za m'nkhokwe. Kapenta amafuna kusamala chifukwa amadyedwa ndi mafupa ake omwe, ndipo m'mafupamo ndimo muli fosifolasi wambiri. Akhale wa apo ndi apo, wochepa, woviikidwa. Mkaka usapitirire theka la kapu patsiku kwa amene fosifolasi wake wakwera.

Nanga ufa? Mgaiwa ndi roller meal zili ndi gaga ndi mtima wa chimanga, motero zili ndi fosifolasi ndi potaziyamu wochuluka kuposa breakfast kapena ufa woyera wa mphale yoviika. Kwa wodwala wa pamagawo oyambirira, makamaka amene ali ndi shuga, mgaiwa ndiwo wabwino. Kwa amene wafika patali ndipo nambala zake zakwera, ufa woyera ukhoza kukhala woyenera, koma mitanda yake ikhale yowerengeka ngati alinso ndi shuga. Banja limodzi likhoza kukhala ndi odwala awiri ofuna ufa wosiyana, ndipo palibe amene walakwa.

Madzi ndi zitsamba

Timaphunzitsa kumwa madzi ambiri, ndipo kwa wogwira ntchito padzuwa la mwezi wa October, makamaka kuchigwa cha Luangwa, langizo limeneli limateteza impso. Ku Nicaragua ndi ku El Salvador, anyamata ambiri odula nzimbe adwala impso popanda shuga kapena BP, ndipo ofufuza amaloza kwambiri kutentha ndi kuuma kwa thupi kobwerezabwereza. Wodwala wa pamagawo oyambirira amwe molingana ndi ludzu lake, ndipo asalole kuuma m'thupi akatsegula m'mimba kapena akadwala malungo. Koma mkodzo ukayamba kuchepa, miyendo n'kutupa, mpweya n'kuvuta pogona, madzi owonjezera satsuka impso, amakadzaza m'mapapo. Pamenepo dokotala amaika muyeso, umene kwa odwala a pa dialysis nthawi zambiri umakhala kuchuluka kwa mkodzo wa dzulo kuwonjezerapo theka la lita. Thobwa, tiyi, phala lamadzi ndi msuzi zimawerengedwa pamuyeso womwewo. Wochepetsa mchere savutika kwambiri ndi ludzu.

Pa zitsamba ndi mankhwala ogulitsidwa m'mabasi ndi pa WhatsApp olonjeza kutsuka impso, mbiri ili ndi phunziro lowawa. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 ku Brussels m'dziko la Belgium, amayi oposa 100 amene ankamwa mankhwala azitsamba ochepetsa thupi anawonongeka impso, ambiri mpaka kufuna makina, chifukwa mumsanganizowo munalowa chomera cha mtundu wa Aristolochia. Muzu umene munthu wathanzi angaupirire umakhalitsa m'magazi a wodwala impso popeza palibe poutulutsira. Chilichonse chomwedwa ngati mankhwala, chochokera kutchire kapena m'botolo, chionetsedwe kaye kwa dokotala. Amene ali pa ma ARV asasiye mankhwala awo, koma apemphe kuti creatinine wawo aziyezedwa panthawi yake.

Njala nayonso ndi mdani

Titatchula zonsezi, pali ngozi yakuti wodwala ndi omusamalira agwidwe ndi mantha, mbale n'kutsala ndi nsima ndi kabichi basi. Thupi likasowa chakudya limayamba kudya minofu yake yomwe, ndipo minofu ikasungunuka imatulutsa yureya ndi potaziyamu yemwe tikumuthawayo. Wodwala woonda sapirira matenda ena, ndipo sakhalitsa ngakhale atafika pa makina. Nsima, mpunga, chinangwa chowiritsa n'kutaya madzi, ndi mafuta a mpendadzuwa pang'ono zimapereka mphamvu popanda kulemetsa impso. Kusala kudya kwa masiku, ngakhale kwa mapemphero, wodwala impso kapena shuga akambirane kaye ndi dokotala wake.

Tsiku la wodwala wa pagawo lachinayi likhoza kuyenda motere. M'mawa phala la ufa woyera lothira supuni imodzi ya nsinjiro, ndi kagawo ka chinanazi. Masana nsima, chibwabwa chowiritsa n'kukhetsa, ndi theka la kapu ya nyemba zoviika. Madzulo mpunga kapena nsima, kabichi wokazinga ndi anyezi, ndi dzira limodzi. Palibe chachilendo pamenepa, palibenso chofuna ndalama zambiri. Chasintha ndi muyeso ndi kaphikidwe.

Ntchito ya banja, dimba ndi mpingo

Mutu umodzi susenza denga. Wodwala amene amadya mbale yakeyake yosakoma, ena onse akudya zamchere pambali pake, sapirira nthawi yaitali. Banja lonse likachepetsa mchere, wodwala amalimba mtima, ndipo ana amakula ndi lilime losazolowera mchere wambiri. Popeza shuga ndi BP zimayenda m'magazi a pabanja, mphika womwewo ukuteteza odwala a mawa. Kafukufuku wa Adventist Health Study-2, amene yunivesite ya Loma Linda inayamba mu 2002 pakati pa anthu pafupifupi 96,000 ku America ndi Canada, anapeza kuti odya kwambiri za kumbewu sadwaladwala shuga ndi BP poyerekeza ndi odya nyama. Kadyedwe kathu ka masamba, nyemba ndi mgaiwa kamatseka zipata ziwiri zazikulu zimene matenda a impso amalowera, malinga mchere ndi shuga wa mu tiyi zikhale zochepa.

Kudimba, banja lokhala ndi wodwala lipatule mabedi awiri kapena atatu a kabichi, anyezi, adyo, zitheba ndi nkhaka, obzalidwa mosiyanitsa milungu kuti ndiwo zatsopano zisathe ndipo wodwala asadalire mfutso m'chilimwe. Mtengo wa mandimu pakhomo umalowa m'malo mwa mapaketi ambiri a zokometsera. Pachakudya cha pamodzi cha pa Sabata kapena pamsonkhano wa misasa, amayi a Dorika angaphike mphika umodzi wa ndiwo wopanda soda, chidulo ndi timibulu tokometsera, n'kuuza anthu kuti ulipo. Pozonda wodwala impso, tisananyamule phava la nthochi kapena botolo la kola, tifunse kaye omusamalira chimene waloledwa kudya.

Ndipo aliyense amene ali ndi shuga, BP kapena HIV, kapena amene kholo lake linadwala impso, apemphe kuyezedwa mkodzo ndi creatinine kamodzi pachaka. Zipatala zazikulu monga Chipata Central, St Francis ku Katete ndi Mwami ndi poyambira pabwino, ndipo a pakiliniki yapafupi angakulembereni kalata. Amene wapezeka kale ndi matendawa akhale ndi kabuku, monga kamene timalembamo za kumunda, ndipo ulendo uliwonse afunse mafunso anayi: eGFR yanga ili pati, potaziyamu ali pati, fosifolasi ali pati, ndipo ndimwe madzi ochuluka bwanji? Ngati pachipatalapo pali katswiri wa zakudya, pemphani kuonana naye, ndipo pitani pamodzi ndi amene amaphika pakhomo, chifukwa malangizowo adzagwira ntchito m'manja mwake.